Khoma la Okala ya Amayi Lapentedwa Katatu

Uthenga wa mlongo wanga unalowa pa WhatsApp cha m'ma 9 koloko usiku, nthawi imene amadziwa kuti ndadya ndipo mtima uli m'malo. "Achimwene, ndapeza malo abwino pafupi ndi depoti. Mukandibwereka K900,000 nditsegula kakiyosiki kotumizira ndalama. Pofika Disembala ndikhala nditakubwezerani." Pansi pake anaikapo timanja topempha titatu.

Mlongo wangayu ndi chitsiriza m'banja mwathu. MSCE anakhoza, koma kuyunivesite sanasankhidwe, ndipo watha zaka ziwiri akungothandiza amayi pa okala. Ndalama imene ankapemphayo ndinali nayo ndithu. Vuto linali lakuti inali yokhayo, yomwe ndakhala ndikusunga chiyambireni ntchito ku Lilongwe kuti ndidzagulire poloti. Kumukaniza kunali kovuta, kumupatsanso kunali kovuta. Ndinangoyankha kuti, "Ndibwera Loweruka, tidzakambirana pamaso pa amayi."

Kwathu ndi ku Mponela, m'boma la Dowa. Nditatsika minibasi Lowerukalo, ndinayenda wapansi kuchokera pa depoti mpaka pa okala ya amayi ndikuwerenga timakiyosiki ndi maambulera a anthu otumiza ndalama. Ndinapeza 14 pa kamtunda ka mphindi zisanu. Amayi ndinawapeza ali ndi kasitomala, choncho ndinakhala pabenchi n'kumayang'ana khoma. Utoto wake unamatuka malo ena chifukwa cha mvula ya zaka zambiri. Pamwamba pali wofiira wa Airtel. Pansi pake pakuonekera wa pinki wa Zain. Pansi penipeni pali wofiira ndi wachikasu wa Celtel. Amayi sanagulepo penti ngakhale chitini chimodzi. Maulendo onse atatu anadzapenta ndi eni netiweki, mwaulere, kuti dzina lawo lizioneka kwa odutsa mumsewu wa M1.

Mayina atatuwo ndi a kampani imodzi yomwe yakhala ikusintha eni ake, ndipo banja lathu ladya nayo kwa zaka zoposa 20. Ndinaona kuti tisanaike ndalama yanga yonse m'malonda odalira kampani ngati imeneyi, tiyenera kuyamba tamvetsa zinthu ziwiri. Kodi kampaniyi imakula bwanji? Nanga ikamakula, anthu ang'onoang'ono amene imayenda nawo zimawathera bwanji?

Lipirani kaye, mulankhule pambuyo

Mu 2004, ndili Sitandade 5, amayi anagula foni ya patebulo yoyendera simu khadi ya Celtel n'kukhoma chikwangwani cha bureau pakhomo la okala. Munthu ankabwera ndi nambala yolembedwa pa kapepala, amayi n'kumuimbira, kwinaku maso ali pa wotchi. Ine ntchito yanga inali yothamanga. Bambo wina akaimba kuchokera ku Joni kuti, "Mukawauze mayi akunyumba ndiimbanso 4 koloko," ndinkapalasa njinga mpaka kumudzi kwawo, pobwera n'kupatsidwa ya mandasi. Foni imodzi ija inkatumikira midzi yonse yozungulira.

Achinyamata a lero mwina simungamvetse kuti zinali bwanji. M'mbuyomo uthenga wa maliro unkadikira mauthenga achisoni pa wailesi ya MBC, apo ayi munthu akwere basi akanene pakamwa. Foni yapansi inali ya m'maofesi ndi m'nyumba zowerengeka za m'tauni. TNM inayambitsa mafoni a m'manja m'dziko muno mu 1995, Celtel n'kubwera mu 1999, koma zaka zoyambirirazo foni ya m'manja inali ya mabwana okhaokha.

Amene anayambitsa Celtel ndi Mo Ibrahim, katswiri wa zamafoni wobadwira ku Sudan yemwe anagwirapo ntchito ku British Telecom. Pamene ankayamba mu 1998, makampani akuluakulu a ku Ulaya ankaona kuti ku Africa kulibe msika poti anthu ake ndi osauka. Masamu ake iye anali ena. Munthu wosauka wopanda foni amakhala akulipira kale kuti uthenga wake ufike: thiransipoti yopita ndi yobwerera, ndiponso tsiku lathunthu losalima. Ngati mphindi ziwiri za pafoni zili zotchipa kuposa tikiti ya basi, munthu ameneyo alipira mosanyinyirika.

Chovuta chinali kalipiritsidwe. Ku Ulaya munthu ankalankhula mwezi wonse, bilu n'kumupeza kunyumba, ndalama n'kuchotsedwa kubanki. Kuno ambiri tinalibe adiresi yoti bilu ifikirepo, ngakhalenso akaunti ya kubanki. Njira inali yoti munthu azilipiriratu: agule khadi, alipale ndi kobiri, alowetse manambala. Mwanjira imeneyi panalibe wothawa ndi ngongole, ndipo ndalama inkalowa munthu asanalankhule n'komwe. Ndalamayo inkathandiza kumanga nsanja ina ya netiweki, yokhala ndi jenereta yakeyake poti malo ambiri kunalibe magetsi. Nsanja yatsopano inkabweretsa ogula makhadi atsopano, amenewonso n'kulipirira nsanja yotsatira. Pofika 2005 Celtel inali m'mayiko 13 a mu Africa, ndipo kampani ya ku Kuwait yotchedwa MTC inaigula pa madola 3.4 biliyoni.

Malonda a m'kachubu

Amayi sanapite patali ndi sukulu, koma njira yachiwiri ya kampaniyi ankaimvetsa kuposa ine. Pa okala pathu sitinkagulitsa mafuta ophikira a malita asanu. Tinkathira m'timachubu. Shuga tinkamanga m'timapepala, sopo tinkadula zidutswa, ufa tinkagulitsa wa wokumani. Munthu wapeza K100 lero, agula za K100, mawa abweranso. Makhadi a mayunitsi anayenda njira yomweyo. Poyamba ankatchulidwa m'madola, munthu n'kumati, "Ndipatseni wa dola imodzi." Kenako anabwera a makwacha, mpaka timakhadi ta K100 ndi K50. Amayi ankaseka n'kumati, "Awa anaphunzira kwa ife. Foni ayiika m'kachubu."

Kampani sinkafunika kumanga sitolo m'mudzi uliwonse. Inkagulitsa makhadi kwa madila akuluakulu, madila n'kugulitsa kwa anthu ngati amayi, aliyense n'kumapatulapo kake kochepa. Makhadiwo amayi ankapikula ndi ndalama yawo. Lendi inali yawo, kukhala padzuwa kunali kwawo, khadi likabedwa anali awo. Kampani inapeza ogulitsa zikwizikwi osawalipira malipiro a pamwezi, ndipo ogulitsawo anapeza katundu wosawola, wosafuna firiji, yemwe aliyense ankamufuna tsiku ndi tsiku. Onse anapindula. Yunifolomu yanga ya kusekondale inachokera m'makhadi amenewa.

Ngakhale kope la ngongole la amayi linalowa m'foni. Mayunitsi akakuthera usiku, unkatha kubwereka, n'kudzadulidwa ndi kachiwongoladzanja pang'ono ukadzalowetsa ena. Ku Airtel anthu amaidziwa ndi dzina loti Kutapa, ku TNM Pasavute. Kufulasha nakonso sanakuletse, poti amadziwa kuti wofulashidwayo, amene ali ndi mayunitsi, aimba. Ndipo kuimbira munthu wa netiweki yomweyo kunali kotchipa kuposa kuimbira wa netiweki ina, choncho mlamu akagula layini, banja lonse linkatsatira komweko. Ife ogula tinapeza nzeru yathu: foni yolowa masimu khadi awiri.

Koma kuti makhadi ayende, pankafunika kuti aliyense akhale ndi foni yakeyake. Kunabwera Nokia 1100 ya tochi ija, kenako timafoni totchipa kwambiri tomwe anthu anatipatsa dzina loti Mose wa Lero. Apa m'pamene ndinaona koyamba kuti kukula kwa kampani kumapatsa kukalandanso. Pamene opaka penti ankabwera mu 2008 kudzafuta Celtel n'kulemba Zain, bureau ya amayi inali ikufa. Mayi wa bambo wa ku Joni uja anali atatumiziridwa foni yake. Sabata inkatha osabwera munthu woimba. Ine ndinadandaula chifukwa ya mandasi inatha. Amayi anangonyamula foni ya patebulo ija n'kuisanjika pamwamba pa wadiropu, pomwe ili mpaka lero. M'malo mwake anagula maekisitenshoni atatu n'kuyamba kutchajitsa mafoni a anthu ochokera kumidzi yopanda magetsi.

Minibasi isanyamuke yopanda anthu

Utoto wachitatu unachokera ku India. Mu 2010 kampani ya Bharti Airtel inagula nthambi za Zain m'mayiko 15 a mu Africa pa madola 10.7 biliyoni, ndipo chaka chisanathe khoma lathu linali lofiira. Mwini wake, Sunil Bharti Mittal, anayamba bizinesi mu 1976 ndi kupanga zipangizo za njinga mumzinda wa Ludhiana, n'kudzayambitsa Airtel ku Delhi mu 1995.

Nzeru imene anabwera nayo inali yofanana ndi ya mwini minibasi. Galimoto ikamachoka ku Mponela kupita ku Lilongwe, mafuta ndi omwewo kaya yanyamula anthu atatu kaya yadzaza. N'chifukwa chake kondakitala amalolera kukutsitsirani mtengo kusiyana n'kuti mpando upite wopanda munthu. Nsanja ya netiweki nayo imadya dizilo yemweyo kaya akulankhulirapo anthu 100 kaya 10,000. Ku India, Airtel inatsitsa kwambiri mtengo wa mphindi imodzi kuti anthu azilankhula mphindi zambirimbiri, phindu n'kumachokera m'kuchulukako. Kuti zimenezi zitheke inayeneranso kuchepetsa ndalama zoyendetsera kampani. Mu 2004 inachita zimene ambiri anadabwa nazo: ntchito yoyendetsa netiweki inapereka kwa Ericsson ndi Nokia, ya makompyuta kwa IBM, iyo n'kutsala ndi dzina, makasitomala ndi mitengo.

Ku Africa njirayi sinayende mophweka ngati kwawo. Ku India anthu amakhala mothithikana, moti nsanja imodzi imadzaza msanga. Kuno tinamwazikana. Kalembera wa 2018 anapeza kuti Amalawi 84 pa 100 alionse amakhala kumudzi, ndipo nsanja ya kumudzi imafuna msewu, mlonda ndi dizilo kuti itumikire anthu ochepa. Panatenga zaka zingapo kuti nthambi ya ku Africa iyambe kupeza phindu lenileni. Koma khalidwe losaumirira katundu silinasinthe. Mu 2022 nsanja zoposa 700 za Airtel m'Malawi muno zinagulidwa ndi kampani ya Helios Towers. Tsopano Airtel imachita lendi pa nsanja zomwe zinali zake, ndalama yogulitsirayo n'kuilowetsa kwina. Nditawauza amayi zimenezi anati, "Ndiye kuti agulitsa nyumba n'kukhala alendi momwemo?" Ndinati eya. Anapukusa mutu, koma anati, "Ngati ndalamayo ikukagwira ntchito yoposa lendiyo, si opusa ayi."

Ndalama italowa m'foni

Kumene ndalamayo inkalowera kunayamba kuonekera ku Kenya. Mu 2007 kampani ya Safaricom inayambitsa M-Pesa, njira yoti wogwira ntchito ku Nairobi azitumizira makolo ake kumudzi popanda kupatsira kondakitala wa basi. Makampani ena onse anaona. Kuno Airtel Money inayamba mu 2012, TNM Mpamba mu 2013.

Amayi anali m'gulu la maejenti oyambirira pa Mponela, ndipo anatenga malayini a makampani onse awiri. Kwa amene simunagwirepo ntchitoyi, imayenda chonchi. Ejenti amakhala ndi ndalama za mitundu iwiri: zapepala m'kabati, ndi za m'foni zomwe amazitcha fuloti. Munthu akabwera kudzaika ndalama, amapereka zapepala, ejenti n'kumutumizira za m'foni. Akabwera kudzatapa, zimayenda mobwerera. Paulendo uliwonse ejenti amapatsidwa kakomishoni. Mpamba wonse ndi wa ejentiyo, ndipo luso lagona pa kusunga mbali ziwirizo zili zokwanira. Kumapeto kwa mwezi, ana a m'tauni akatumiza, aliyense amafuna kutapa ndipo zapepala zimatha 10 koloko isanakwane. Nyengo yokolola, mavenda amafuna kuika, fuloti n'kutha. Kasitomala ukamubweza kawiri, kachitatu sabweranso.

Zaka zimenezo zinali za mwanaalirenji. Maejenti anali ochepa, mzere unkafika pamsewu. Fizi yanga ya kukoleji inachokera pa kawindo kameneka, ndipo inkandipeza pafoni ndili ku Blantyre. Koma walira mvula walira matope. Tsiku lina munthu wina anaimbira amayi, akulankhula mwaulemu ngati wa muofesi, n'kunena kuti akukonza layini yawo. Anawauza manambala oti adine, iwo n'kudina. Fuloti yonse ya sabata imeneyo inapita. Wakubayo sanapezeke. Amayi anagulitsa mbuzi ziwiri n'kuyambiranso, ndipo kuyambira tsiku limenelo aliyense woimba n'kutchula za PIN amamudulira foni asanamalize moni.

Kwa kampani, ndalama za pafoni zinabweretsa zinthu ziwiri. Choyamba ndi tindalama todula paulendo uliwonse. Chachiwiri n'chakuti munthu amene ndalama zake zili pa layini, layiniyo saitaya. Simu khadi yoimbira utha kuisintha mawa, koma nambala imene agogo amalandirira ndalama, imene ili m'kaundula wa banki mkhonde, imakhala mpaka kalekale. Kuti muone kukula kwake: mu 2021 makampani akunja, kuphatikizapo Mastercard, anagula magawo mu nthambi ya Airtel Money ya mu Africa, ndipo nthambi yokhayo anaiwerengera mtengo wa madola 2.65 biliyoni.

Tsopano akufuna maso athu

Apa ndiulule tchimo langa. Khirisimasi yapitayi ndinakhala pabenchi lomweli, bandulo n'kundithera ndikuonera mpira. Ndinatsegula app ya banki, kusamutsa ndalama, kugula bandulo, basi. Zonsezi ndili mita imodzi kuchokera pa kawindo ka amayi. Iwo anamva kulira kwa uthenga n'kufunsa kuti, "Wagula kuti?" Ndinati, "Pafoni pomwepa, amayi." Anangoti, "Iwenso?" n'kupitiriza kuwerenga ndalama zawo.

Ine ndi inu, amene tikuwerenga nkhaniyi pa foni ya Tecno, Itel kapena Samsung, ndife gawo latsopano la kukula kwa makampaniwa. Pafupifupi aliyense wofuna layini m'tauni ali nayo kale, choncho kukula kwatsala n'koti munthu yemweyo azigula zambiri. Kuimba tinachepetsa, timangotumizirana mavoisi. Ndalama ili pa intaneti. Ndipo taonani, kachubu kaja kabweranso: bandulo ya tsiku limodzi, ya sabata, ya WhatsApp yokha, ya usiku. Ya usiku imatchipa chifukwa nthawi imeneyo minibasi ija imayenda yopanda anthu. Ya tsiku limodzi imaoneka yaing'ono, koma mukaphatikiza masiku 30 mupeza kuti mwalipira zambiri kuposa wogula ya mwezi, monga mmene wogula mafuta a m'kachubu amalipirira zambiri pa lita kuposa wogula chigubu. Si chinsinsi, ndi mmene malonda ogulitsa pang'onopang'ono amayendera kulikonse. Koma ndi bwino kudziwa. Ndipo ogula akalankhula zinthu zimasuntha: mu 2020 achinyamata atadandaula kwambiri za kudula kwa intaneti, ndi MACRA italowererapo, makampani onse awiri anatsitsa mitengo ina.

Chimene chinandiopsa pa pempho la mlongo wanga chagona apa. Ejenti amadya pamene ndalama ikulowa kapena kutuluka m'foni. Koma zinthu zikulowera koti ndalama isamatulukemo n'komwe. Malipiro akuchoka kubanki kulowa m'foni. Mayunitsi a ESCOM, madzi, GOtv, fizi, ngakhale shuga wa m'golosale, zonse tikulipira pafoni. Ndalama ikamazungulira m'kati momwemo, kampani imapezabe yake, koma wa pa kawindo saona kanthu. Kuchuluka kwa maejenti nakonso n'kwabwino kwa kampani ndi kwa kasitomala, poti aliyense amapeza wapafupi, ndipo komishoni imalipidwa pa ntchito yochitika, osati pa chiwerengero cha makiyosiki. Koma kwa anthu 14 aja, nsima ndi imodzi, manja ndi amene akuchuluka.

Njerwa imodzi ya amayi

Pali chinthu chimodzi chimene amayi anachita osandifunsa. Kumayambiriro kwa 2020 Airtel Malawi inagulitsa magawo 20 pa 100 alionse a kampani kwa anthu, sheya imodzi pa K12.69, n'kulowa pa Malawi Stock Exchange mu February chaka chomwecho. TNM inali italowa kale mu 2008. Amayi anamva pa wailesi, anakwera minibasi, n'kukagula masheya 5,000 pa K63,450. Nditawafunsa chifukwa chake anati, "Ndawagulitsira malonda zaka 16. Nyumba imene ndathandiza kumanga, ndikhalemo ndi njerwa ngakhale imodzi."

Njerwa imeneyo yawaphunzitsa kuti kampani yaikulu nayo imalira. Mu November 2023 ndalama ya kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo Airtel Malawi inalengeza kuti chaka chimenecho yaluza. Amayi anadabwa. "Anthu onsewa akugula mabandulo, iwo n'kuluza?" Ndinawafotokozera kuti kampani imatolera makwacha, koma zipangizo za netiweki ndi ngongole zina imalipira m'madola. Kwacha ikagwa, ngongole imatupa usiku umodzi, chimodzimodzi wa okala wopikula katundu ku Tanzania. Masheya awo sanagulitse. Amati kagawo ka phindu kakabwera, ndi ndalama yokhayo m'moyo wawo imene amalandira osakhala padzuwa.

Zimene tinagwirizana

Madzulo a Lowerukalo titadya, tinakhala atatu pakhonde. Ndinafotokoza zonsezi, mwina motalikitsa. Mlongo wanga anamvetsera atapinda manja, kenako anati, "Achimwene, ngati simukufuna kundibwereka, ingonenani. Za ku India ndi ku Kuwait zikundikhudza chiyani ine? Anzanga ali ndi makiyosiki ndipo akudya."

Ndinasowa choyankha, chifukwa mbali ina ankanena zoona. Maejenti sakutha mawa. Agogo akumudzi akufunabe ndalama yogwirika m'manja, ndipo pamsika tomato akugulidwabe ndi zapepala. Komanso n'zosavuta kwa ine wolandira malipiro pamwezi kuuza munthu amene wakhala zaka ziwiri pakhomo kuti adikire.

Amayi ndi amene anadula nkhani. Anati, "Mwana wanga, mchimwene wakoyu walankhula zambiri, koma ine ndinena mwachidule. Bureau ndinalowa anthu asanaidziwe, ndinadya. Makhadi ndinalowa msanga, ndinadya. Za ndalamazi ndinalowa tili atatu Mponela yense, ndinadya. Sindinayambe ndadyapo chifukwa cholowa pamene aliyense walowa kale. Iwe ukufuna kukhala wa nambala 15. Uyang'ane chimene anthu ayamba kusowa, chimene 14 aja alibe."

Mlongo wanga anafunsa, mokwiyabe, kuti chimenecho n'chiyani. Amayi analoza foni yake yomwe, yong'ambika galasi kuyambira chaka chatha. Anati tsiku lililonse pa kawindo pamabwera anthu osachepera asanu ofunsa ngati tili ndi tchaja yolimba, ngati tingawaikire WhatsApp, ngati tikudziwa wokonza foni yosiya kutchaja. Ambiri amawauza kuti apite ku Lilongwe. Makampani a netiweki akufuna munthu aliyense akhale ndi foni yaikulu kuti azigula bandulo, ndipo akwanitsa ndithu. Foni zimenezo zizigwa, zizinyowa, mabatire azitupa.

Tinagwirizana chonchi. Ndinamubwereka K450,000, theka la zimene anapempha. Ina inalipira miyezi itatu yophunzira kukonza mafoni kwa mmisiri wina wa mumsika wa ku Lilongwe, akugona kwanga. Yotsalayo anagulira zida, matchaja, magalasi ndi mabatire. Kiyosiki ya pa depoti sanatsegule. Amayi anamupatsa theka la okala, ndipo malayini otumizira ndalama akuyendetsa limodzi, poti ndi amene amakoka anthu kuti afike pakhomo.

Sindinganame kuti zonse zili bwino. Sabata ziwiri zoyambirira sankandilankhula kwenikweni. Mwezi wake woyamba anawotcha foni ya mphunzitsi wina n'kulipira ndi ndalama yake. Disembala uja wadutsa, wabweza magawo awiri okha mwa asanu, ndipo mtengo wa poloti yomwe ndinkaifuna wakwera. Mwina ndikanamupatsa yonse ija akanadya ndithu pa depoti paja, sindingadziwe.

Mwezi watha nditapitanso, ndinapeza kuti mbali imodzi ya khoma yasintha. Mlongo wanga anapala kachigawo ka pafupi ndi windo lake, kudutsa wofiira, wa pinki ndi wachikasu mpaka kufika pa simenti, n'kupakapo wabuluu. Analembapo ndi dzanja lake kuti TIMAKONZA MAFONI, chilembo chomaliza chitapendekera chifukwa malo anamuthera. Amayi anandiuza kuti pentiyo anagula yekha, chitini chaching'ono, ndi ndalama ya magalasi atatu oyamba amene anasintha.